Nangula wa Che Amidu

Nkhani iyi sindinaifotokozepo yonse kwa munthu aliyense. Mkazi wanga Asiyatu sakuidziwa, ana athu sakuidziwa, ndipo abusa athu ku Nkope, amene ndawauzapo machimo ena ang'onoang'ono, iyi sanaimvepo. Ndikuilemba chifukwa apongozi anga, Che Amidu, tinawaika m'manda milungu isanu ndi umodzi yapitayo, ndipo dzina lawo lapita nawo lili ndi banga limene ndinapakapo ndine. Kulemba ndinaphunzira imvi zitayamba kale, kusukulu ya kwacha, choncho mundipirire pamene cholembera chatsimphina.

Che Amidu anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ina m'tauni ya Mangochi, kufupi ndi msika: makanzu, mayunifolomu a ana asukulu, zigamba za mathalauza. Koma chimene chinawatchukitsa sichinali kusoka. Kuli azungu ena amene amatolera zinthu zakale za asilikali, mabatani ndi mabaji a pamkono, ndipo amayenda mtunda wautali kuzifunafuna. Akafika kumaloji a ku Chembe, ogulitsa ziboliboli ankawatulutsira zinthu zotere m'matumba, ati zinatsala pa nkhondo yoyamba ya Ajeremani, zabwera ndi amalonda a ku Tanzania kudzera ku Makanjira. Zambiri zinali zabodza. Mzungu wochenjera asanagule ankati apite nazo kaye kwa telala wa ku Mangochi, chifukwa mbiri inali itamveka kuti mkuluyo amadziwa mabaji a amalinyero a Chijeremani ndipo sanyengerera munthu.

Sankakhulupirira chinthu chimene sanachitembenuze. Ankakhala msana utatsamira khoma kuti pasapezeke woima kumbuyo kwawo. Munthu akabweretsa nsalu, ankaiyeza kawiri mwini wake akuona, ndipo zidutswa zotsala ankamubwezera zonse, ngakhale kosakwana kuphimba chala, kuti mawa pasadzakhale mawu. Baji akaipatsidwa, ankayamba aitembenuza, n'kuyendetsa chala chachikulu kuseri kwake atatsinzina. Kenako ankainunkhiza. Kenako ankazula kaulusi kamodzi m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi, chifukwa ulusi wakale umasanduka phulusa pamene wa masiku ano umasungunuka n'kuundana ngati kamkanda. Kumaso kwa baji ankakuona pomalizira. Ankanena kuti kumaso ndi kwa wogula, kuseri ndi kwa amene anasoka.

Ine ndinamva zimenezi kambirimbiri, ndili chikhalire pamphepete pa khondelo, mpaka ndinaziloweza osafuna. Nangula yekha wokulungidwa chingwe ndi kapitawo wa amalinyero a pamwamba, ogwira zingwe. Nangula wokhala ndi gudumu la mano pakati ndi wa kuinjini. Mbendera ziwiri zopingasa ndi wotumiza mauthenga, mizinga iwiri ndi wa zida. Payunifolomu yakuda ankasoka ndi ulusi wowala, payoyera yovala kumaiko otentha ankasoka ndi wa buluu. Pamwamba pa nangula pakakhala chisoti chachifumu, ameneyo ndi wamkulu pa akapitawo anzake, wa nthawi imene Ajeremani anali ndi mfumu. Koma pansi pa nangula pakakhala kamphanda kooneka ngati V m'malo mwa chisoti pamwamba, ameneyo ndi wa zaka zam'tsogolo, pamene Mjeremani anali atachoka kale kuno. Wokuuzani kuti baji yotero anaipeza m'nyumba ya agogo ake, ankati Che Amidu, mumupatse madzi akumwa azipita.

Amene ankakangana nawo kwambiri anali Che Bwanali, wogulitsa ziboliboli, amene benchi lake linali pafupi ndi khondelo. Tsiku lina anabwera ndi mzungu ndi batani lonyezimira m'manja.

"Che Amidu, onani bwino. Ili agogo anga analitola okha ku Makanjira."

"Agogo anu ankavala kaunjika?"

"Mwayambatu."

"Nangula alipo, inde. Nanga chisoti chili kuti? Ili ndi la jekete la mzimayi, Che Bwanali. Pitani pamulu wachitatu kumsika, mukapeza anzake asanu."

"Tsitsani mawu, mzunguyu amamva Chichewa."

"Ndiye ndinene m'Chiyao. Unami."

Unami ndiye kuti bodza. Liwu limeneli ankalitchula motsitsa, kamodzi kokha, ndipo likatuluka malonda ankathera pomwepo. Che Bwanali ankachoka akutukwana, koma mawa lake ankabwerabe kudzamwa nawo tiyi.

Nzeru zimenezi zinayambira pa baji imodzi. Bambo awo a Che Amidu anali a ku Makanjira. Ali mnyamata anagwidwa kutsidya kwa malire kuti akhale mtengatenga wa Ajeremani. Pagulu limenelo panali amalinyero amene sitima yawo inali itamira, ndipo ankamenya nkhondo pamtunda. Mmodzi anadwala malungo, ndipo bambo awo a Che Amidu ndi mnzawo anamunyamula pamachila masiku ambiri. Posiyana, mzunguyo analibe chowapatsa. Anadula baji pamkono wa malaya ake oyera ndi mpeni n'kuwapatsa: nangula wa buluu, gudumu la mano pakati, chisoti pamwamba. Che Amidu ankaisunga m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi mapepala a zithunzi za mabaji amene mlendo wina anawasiyira kalekale. Chijeremani cha pamapepalawo sankachiwerenga, koma zithunzizo ankazidziwa ngati nkhope za ana awo.

Azungu anayesa kangapo kuigula bajiyo, iwo ankakana. Ngakhale shehe wina anawafunsapo chifukwa chimene Msilamu akusungira chisoti chokhala ndi mtanda pansonga. Anamuyankha kuti sachigwadira, koma kuti mapewa a bambo awo anapita kumanda ndi zipsera za machila, ndipo kansaluko ndi kokha katsala kochitira umboni mapewawo. Sanalankhulane ndi sheheyo mpaka Ramadani inadutsa.

Ine ndinalowa m'banjamo ngati munthu wokayikiridwa. Ndinali Mkhristu wa ku Nkope, wosoka maukonde, wosadziwa ngakhale kulemba dzina langa. Che Amidu anandipatsa mwana wawo, koma ankandiyang'ana monga ankayang'anira batani la Che Bwanali. Sanandinyozepo poyera, kupatula tsiku limodzi. Panali alendo pakhonde, ndipo anandiuza kuti ndiwapatsire pepala limodzi la zithunzi. Ndinalitenga, ndipo pofuna kuoneka ngati ndikudziwako kanthu, ndinayamba ndaliyang'anitsitsa.

"Akamwini," anatero, "sitima yanuyo imauluka? Anangula onse aloza kumwamba."

Ndinali nditaligwira chadodolido. Anthu anaseka, Che Bwanali mpaka anagwira m'mimba. Ineyo ndinasekanso. Koma pobwerera ku Nkope ndinali ndi mwala pachifuwa, ndipo mwalawo unakhalapo chaka chathunthu.

Mwayi woipa unabwera nyengo ya mvula. Mchemwali wawo wa Che Amidu anamwalira ku Makanjira, ndipo iwo ndi Asiyatu anapita kumaliro. Msewu unaduka, anakhalako milungu iwiri. Ine anandisiyira nyumba ya m'tauni kuti ndiziyang'anira. Tsiku lachitatu ndinatsegula chitini.

Sindinganame kuti ndinali ndi njala kapena kuti mwana ankadwala. Ndinkafuna kudziwa ngati diso limene linandiseka lingapusitsidwe ndi munthu wogwira pepala chadodolido. Manja anga ndi singano ankadziwana kuyambira ndili mwana. Ndinadula kansalu pa kanzu yawo yakale, ndinatenga ulusi wa thonje wa buluu m'kabati yawo yomwe kuti ukadzapsa udzasanduke phulusa. Ndinasoka masiku anayi, baji yeniyeni ili pabondo, ndikuwerenga mano a gudumu limodzilimodzi. Ndinaiviika mu tiyi, ndinaiyanika, ndinaikhutiza padzimbiri la chitini kuti fungo ligwirizane. Nditaziika pamodzi, ineyo ndinavutika kuzisiyanitsa.

Ndikanatha kulekera pomwepo. Koma ndinkadziwa kuti ku Chembe kuli mzungu wina amene anafunsapo za bajiyo n'kukanizidwa. Ndinakwera matola, ndinamupeza, ndinamuuza kuti mkulu uja wasintha maganizo. Sanafunse zambiri. Mlungu womwewo anachoka m'dziko muno, ndipo dzina lake sindinalidziwe. Chimene ndalamazo zinagula sichinakhalitse.

Panapita miyezi isanu chitini chisanatsegulidwe. Tsiku limenelo ndinali nditabweretsera apongozi chambo, ndipo ndinali pamalo anga, pamphepete pa khonde. Kunabwera mzungu wachikulire wochokera ku Jeremani komweko, ndi dalaivala wake amene ankamasulira. Anali ndi mabaji anayi amene anagula ku Tanzania. Anthu anasonkhana monga mwa nthawi zonse, Che Bwanali patsogolo. Che Amidu anagwira ntchito yawo bwino tsiku limenelo. Yoyamba anati ndi yeniyeni, ya wa mbendera. Yachiwiri, yeniyeni koma ya kamphanda, sinaoneko nkhondo ya kuno. Ziwiri zinazo ulusi wake unasungunuka pamachesi. Mzungu anagwedeza mutu mokondwa, n'kupempha kuti aone baji yotchuka ija ya bambo awo.

Che Amidu anatumiza uthenga kunyumba, chitini chinabwera. Anachitsegula, anatulutsa baji, anaitembenuza, anatsinzina. Chala chachikulu chinayenda kuchokera kuchisoti kutsikira kunangula, ndipo chitafika pansi chinaima.

Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira. Zonse ndinaziganizira, koma chimodzi manja anachichita okha. Osoka a ku Jeremani sankamanga mfundo, ulusi ukatha ankaulowetsa pansi pa unzake. Zimenezi ndinazimva pakhonde lomwelo kangapo. Koma ine, pomaliza nsonga ya nangula, ndinamanga kamfundo kamene timamanga potseka diso la ukonde. Munthu aliyense wobadwira kunyanja kuno angakazindikire, ndipo m'banja lonse la Che Amidu wosoka maukonde ndinali ine ndekha.

Anatsegula maso. Sanayang'ane kwa ine. Anayang'ana kumsewu, kumene njinga za kabaza zinkadutsa.

"Unami," anatero.

"Mwati bwanji, bambo?" anafunsa dalaivala.

"Muwauze kuti iyi si yeniyeni. Yasokedwa konkuno."

"Iti? Ya bambo anu ija?" anakuwa Che Bwanali. "Tabweretsani ndione!"

Anatambasula dzanja. Che Bwanali anakulira m'bwato asanayambe ziboliboli, ndipo akanangoitembenuza, nkhani ikanathera pomwepo. Che Amidu anaphimba mfundoyo ndi chala, anaika baji m'chitini, anatseka, n'kuchikhalira.

Mzungu analankhula, dalaivala anamasulira. "Akufunsa ngati mwina wina anakusinthirani. Akuti anamva kwa anzake amene anaiona kale kuti inali yeniyeni."

Pakamwa panga panali potsegula pang'ono, ndipo mpaka lero ndimadzinamiza kuti ndinatsala pang'ono kulankhula.

"Ine ndanena za nsalu," anatero Che Amidu. "Za anthu sindinaphunzire."

Che Bwanali anaomba m'manja. "Aaa, wallahi! Zaka zonsezi mwatitcha abodza, inu muli ndi chigamba m'chitini! Ndiye agogo anga a kaunjika ndi bambo anu a machila, wabodza ndani?"

Anthu anaseka kuposa mmene anandisekera ine. Che Amidu anakoka thalauza limene ankasoka, n'kuponda makina.

Akanatha kunena kuti ndi yeniyeni, palibe akanawatsutsa. Akanathanso kunena kuti yabedwa, ndipo anthu akanawamvera chisoni. Sananame za nsalu, ndipo sanaloze munthu. Pakati pa ziwirizi panagwera dzina lawo. Mbiri inafika ku Chembe sabata isanathe. Ogulitsa ziboliboli analeka kubwera, azungu nawonso analeka. Anthu anayamba kunena kuti nkhani ya machila anachita kupeka, kuti bambo awo mwina sanaoneko Mjeremani n'komwe. Ena ankawatchula Che Unami akapotoloka. Anasokabe mayunifolomu pakhonde lomwelo mpaka maso anachita ng'ala.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala ndikuwatembenuza mawu awo onse, kufuna kuona kuseri. Paukwati wa mdzukulu wawo anandiuza kuti ndimange mbuzi pamtengo, ndipo anaima pomwepo akuyang'ana manja anga. Nditamaliza anati, "Mfundo zanu sizimasuka, akamwini." Ndinagona masiku atatu ndikuganiza ngati anali kuyamikira kapena kundiweruza. Chaka china anauza Asiyatu kuti andiuze ndikalembetse kusukulu ya kwacha, ndipo anatumiza pensulo ziwiri. Kodi chinali chifundo, kapena ankandikumbutsa pepala la chadodolido? Ndinapita, ndinaphunzira, koma sindinawalemberepo ngakhale kakalata. Ndinayamba kukayikira ngakhale mkazi wanga. Akati, "Bambo amakukondanitu inu," ndinkamuyang'ana m'maso kufuna kuona ngati akudziwa. Ndikamva kuti awiriwo anakhala okha nthawi yaitali, ndinkabwera kunyumba ndikuyembekezera kupeza katundu wanga panja.

Sanasinthe khalidwe kwa ine. Pa Idi ankatitumizira nyama, ngakhale ndinali wa kutchalitchi. Ndikabwera ndi nsomba ankazitembenuza, kuona m'makha, n'kunena kuti zili bwino. Chinthu chimodzi chokha chinasintha: sanandisiyirenso nyumba.

Masiku awo omaliza anagona kwa mwana wawo wamkulu. Ndinapita kukawaona masana ena, ndipo Asiyatu atatuluka kukatunga madzi, tinatsala awiri. Sankaonanso. Ndinapereka moni, anandizindikira mawu, anapempha dzanja langa. Analigwira, analitembenuza, n'kuyendetsa chala chachikulu pachikhatho pang'onopang'ono, pazipsera zonse za ulusi wa ukonde. Ndinadikira liwu lija. Ndinkalifuna. Koma anangolisiya dzanjalo pamphasa, n'kufunsa ngati mphepo ya mwera yayamba ku Nkope. Ndinati yayamba. Ndiwo mawu omaliza amene tinalankhulana.

Atamwalira, ana awo anatsegula chitini. Munali mapepala a zithunzi okha. Baji yanga sinalimo, ndipo palibe akudziwa kumene anaitaya ndi tsiku limene anaitaya. Umboni wonse anauchotsa. Munthu yekhayo wotsala padziko amene ankadziwa kuti nangula wa bambo awo anali weniweni, kupatula mzungu wopanda dzina uja, ndinali ine.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi panabwera anthu ambiri. Titadya, akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango akukumbutsana za malemu. Che Bwanali, amene tsopano amayenda ndi ndodo, analankhula mwachikondi ndithu. Anati telala wotero sadzapezekanso, anati tiyi wa m'mawa sakukomanso. Kenako anaseka.

"Koma nkhani ya machila ija, Mulungu awakhululukire, anatidyetsa tonse. Munthu wokana bodza la anzake, lake atalitsekera m'chitini cha mabisiketi!"

Anthu anaseka mwaulemu, monga amasekera pasadaka. Adzukulu aang'ono a malemu, amene anabadwa nkhaniyi itachitika kale, anasekanso. Ndinaona kuti kwa iwo imeneyi ndiyo mbiri ya agogo awo, ndipo ndi imene adzauze ana awo. Asiyatu anali pakati pa amayi, chapatali, koma anamva. Mu minibasi pobwerera ku Nkope, titadutsa theka la njira, anaiyamba nkhaniyo.

"Ine zipsera za agogo ndinaziona," anatero, akuyang'ana pawindo. "Ndinkawathira madzi kumsana ndili mwana. Lero anthu akuti bodza, ndipo ine ndilibe chowaonetsa."

M'mawa mwake ndinauza Asiyatu kuti ndikupita kukagula ulusi wa ukonde, ndipo ndinakwera minibasi yoyamba ya ku Mangochi. Ndinafika pakhonde sitolo isanatsegulidwe. Pasimenti pakuonekabe timaenje tinayi pamene miyendo ya makina inkaponda. Pakhoma pali chidetso chachitali cha msana ndi mutu, pamene anatsamira zaka zonse zija, ndipo laimu amene mwini sitolo anapaka sanachibise. Msomali wopachikapo tepi ulipo, wopanda kanthu. Pakona aunjikapo makireti a zakumwa, ndipo ndamva kuti mwezi wamawa pabwera mtsikana wotumiza ndalama za pafoni. Ndinakhala pamphepete, pamalo anga akale.

Che Bwanali anafika akukoka thumba la ziboliboli, n'kuyamba kundandalika mvuu zake zamatabwa pabenchi.

"Akamwini a malemu! Mwalawira chotere, mwaiwala chiyani dzulo?"

"Che Bwanali, baji ya bambo awo ija inali yeniyeni."

"Aa, musavutike. Munthu wapita, tamukhululukira."

"Inali yeniyeni. Inachita kubedwa. Imene munaiona tsiku lija inali yosoka wina."

Anasiya mvuu ili m'manja. Anandiyang'ana monga amayang'anirana amalonda, kufuna kudziwa chimene ndikugulitsa.

"Mukufuna kuyeretsa apongozi anu basi. Akanabedwa akananena. Anaba ndani?"

"Ine."

Anakhala pabenchi pang'onopang'ono, ndodo ili pakati pa miyendo. Njinga zinadutsa, mwini sitolo anatsegula chitseko chake n'kutipatsa moni.

"N'chifukwa chake anandikaniza kuigwira," anatero pamapeto pake, osati kwa ine. Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ine ndaseka munthu zaka zoposa makumi awiri. Dzulo lomweli ndamuseka, pasadaka yake." Kenako anafunsa, "Mwana wawo, mkazi wanuyo, akudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye mwayambira kolakwika. Pitani mukamuuze iye. Lachisanu tikatuluka mumzikiti mubwere pano, mudzanene anthu ali pomwepo, adzukulu awonso abwere. Ine ndekha sindingabweze kuseka konse kuja."

Ulusi wa ukonde sindinagule. Ndinadzuka pakhondepo, ndinapita kusiteji, ndinakwera minibasi yobwerera ku Nkope.